Mwendo wa Kilatchi

Galimoto ija amuna anga anaipeza ku esiteti ya fodya ya ku Malingunde, kumene ankagwira ntchito ya umakaniko. Esitetiyo itatsekedwa, anzawo anapatsidwa malata ndi mapaipi, koma iwo anasankha chiphapha cha galimoto chimene chinagona pansi pa mtengo wa bulugamu, nkhuku zikuikiramo mazira. Inali galimoto ya m'tchire, yokoka ndi matayala onse anayi, ija madalaivala amati fobayifo. Anaikokera kwathu ku Mitundu ndi ng'ombe za ngolo. Ine ndinaima pakhomo manja ali m'chiuno, n'kuwafunsa ngati tayamba kuweta zitsulo.

Anaidzutsa ndithu, pamenepo sindingawanyoze. Koma injini yake ya petulo inali ndi ludzu la chidakwa. Tikanyamula matumba a mtedza kupita nawo ku Nathenje, phindu lonse linkathera m'thanki. Ndiye atamva kuti lole ina yaing'ono yagubuduzika pa msewu wa tala koma injini yake ya dizilo yapulumuka, anapita kukagula injiniyo. Anaikoloweka ndi tcheni panthambi ya mtengo wa mango, n'kuitsitsira m'mimba mwa galimoto yathu. Sinakwane. Anadula apa, kuwotcherera apo, kupinda mapaipi, mpaka inakhazikika. Tsiku limene inalira koyamba agalu anathawira kudimba, ndipo amuna anga, munthu wa imvi m'ndevu, anavina pabwalo sipanala ili m'manja.

Chimwemwe chija sichinakhalitse. Injiniyo inali ndi mphamvu ngati ng'ombe yamphongo, koma inabwera ndi matenda ake.

Oyamba anali a kilatchi. Kwa amene sanagwirepo galimoto, kilatchi ndi chopondera chija cha mwendo wamanzere. Ukachiponda, injini imaleka kukoka matayala, ndiye umatha kusintha giya kapena kuima bwinobwino. Yathu m'mawa inkagwira ngati ya galimoto yatsopano. Koma tikayenda mtunda, chopondera chija chinkangomira pansi ngati waponda papaya lowola, giya n'kukana kulowa, yolowa kale n'kukana kutuluka.

Achiwiri anali a chiwongolero. Chiwongolero cha galimoto yotere chimapepuka chifukwa cha kapampu ka mafuta kamene kamazunguliridwa ndi lamba wa injini. Pa injini yachilendoyi kapampuko kanalibe pokhala, choncho amuna anga anakapangira kampando kake ndi zitsulo za pulawo yakale. Lamba uja ankalira ngati kankhumba pokhota paliponse, ndipo nthawi zina ankavuka. Akavuka, chiwongolero chinkauma gwa, mabuleki nawo n'kulimba, chifukwa lamba yemweyo ndiye ankawapatsa mphamvu. Kuwonjezera apo, injiniyo sinkazima ndi kiyi. Ankaizimitsa pokoka kawaya kamene anakatulutsira pansi pa chiwongolero. Handibuleki ndiye inafa kalekale, poimika tinkatsamiritsa ndi mwala.

Ana athu anali akuluakulu, aliyense kwake, ndiye wothandizira ndinasanduka ine. Amuna anga ankati m'paipi ya kilatchi mwalowa mpweya. Ankagona chagada pansi pa galimoto, ine n'kukhala pampando wa dalaivala chitenje nditachikwinyira m'mawondo.

"Pondani mayi. Pondaninso. Gwirani pompo."

"Ndagwira."

"Musasiye mpaka ndinene."

"Ndati ndagwira. Mwendowu ndi wanga, ndikuumva."

Tinachita zimenezi mpaka ntchafu yanga yamanzere inalimba ngati ya wosewera mpira. Mpweya unatuluka, matenda osatha. Anasintha timarabala ta m'kati mwa kilatchi. Anatalikitsa kachitsulo kokankha kilatchi powotchererako bawuti. Lamba uja anamupaka sopo, anamukunga, kenako anagula wina. Akakonza chilichonse ankadzuka m'mamawa, kuzungulira bwalo la mpira la kusukulu, n'kubwera mano ali mbee.

"Yatheka tsopano."

Tsiku lina zinandikwana. "Bambo, galimoto iyi imadwala ikatentha. Inu mumaiyesa mame asanaume. Bwanji osaiyesa masana, mufike nayo mpaka ku Dzalanyama n'kubwerera?"

"Dizilo wowotchera ulendo wopanda katundu ali kuti? Ndipo inu za injini mwaziyamba liti?"

"Tsiku limene munandisandutsa mwendo wanu."

Anaseka, inenso ndinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Chimene chinkaidwalitsa sindinkachidziwa. Ndinkangoona nthawi imene inkadwala, monga mayi aliyense amaonera pa mwana.

Tsiku latsoka linali la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinapakira mtedza mpaka galimoto inakhala pansi kumbuyo, n'kutenga msewu wafumbi wodutsa m'midzi wopita ku Nathenje, kumene wogula ankatidikira. Titadutsa theka la ulendo, pokwera kamtunda kena, ndinaona mwendo wamanzere wa amuna anga ukupondaponda.

"Yamira?"

"Yamira. Koma ili m'giya yachitatu. Tikapanda kuima tifika, tikaikonzera konko."

Anali atachitapo zimenezi kale, ndipo tinkafika. Titatsiriza kukwera, msewu unayamba kutsetsereka kulowa m'mudzi wina, ndipo patsogolo pathu tinaona masamba.

Kwathu kuno maliro akagwa pafupi ndi msewu, anyamata amayala nthambi zamasamba mopingasa msewu, mbali iyi ya mudzi ndi mbali inayo. Wanjinga amatsika n'kumakankha. Wachipewa amavula. Wagalimoto amazimitsa wailesi n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka atadutsa masamba achiwiri. Palibe amene anazilemba, koma palibenso amene sazidziwa. Amuna anga ndiye anali okhwimitsa kwambiri pa zimenezi. Ndinawaonapo akutsitsa dalaivala wa minibasi ndi mawu okha chifukwa chodutsa pamaliro nyimbo zikulira.

Anachotsa mwendo pachopondera cha moto n'kuponda buleki. Galimoto inayamba kumvera. Kenako tayala lakutsogolo linagwera m'kadzenje kamene mvula ya chaka chatha inasiya, galimoto inadumpha, ndipo ndinamva kanthu kakumenya pansi pa boneti. Phokoso limenelo ndinkalidziwa. Lamba anali atavuka.

Anapondanso buleki, inagwira pang'ono. Ataponda kachiwiri inali ngati mwala. Anachita kuimirira pachoponderapo, dzanja limodzi likulimbana ndi chiwongolero, linalo likukoka giya, mwendo wamanzere ukupopa kilatchi yakufa. Injini ija inkangokankha, ndipo mtedza kumbuyo unkaithandiza. Masamba tinawaponda tili paliwiro.

"Kokani waya, mayi."

Ndinawerama n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Kawaya kaja kanabwera konse m'dzanja langa, injini ikulirabe.

Nditadzutsa mutu ndinaona anthu. Maliro anali atanyamuka pa siwa, ndipo ankadutsa msewu kupita kumanda amene anali tsidya linalo. Patsogolo panali onyamula bokosi, m'mbuyo amayi ovala zoyera akuimba nyimbo ya tchalitchi. Amuna anga anaimba hutala. Panalibe china choti achite, koma ine ndinadziwa mmene hutala imamvekera m'makutu mwa anamfedwa. Anthu anabalalika. Onyamula bokosi analitaya n'kudumphira m'mbali. Amuna anga anakumbatira chiwongolero ndi manja onse awiri, mitsempha ya m'khosi itatuluka, ndipo galimoto inapatuka pang'ono chabe. Chitsulo chakutsogolo chinagunda ngodya ya bokosi. Matabwa anang'ambika. Thupi la malemu, lokulungidwa m'nsalu yoyera, linagubuduzika pafumbi. Ife tinakagunda chulu cha m'mbali mwa msewu, injini n'kuzima.

Wamoyo sitinagunde ngakhale mmodzi. Ndimanena zimenezi nthawi zonse, ngakhale ndikudziwa kuti tsiku limenelo zinalibe ntchito.

Ndinkamva madzi akutokota mu injini. Kenako mayi wina analira mokuwa, ndipo mwala woyamba unaswa galasi lakutsogolo.

Amene anafika poyamba anali adzukulu, anyamata okumba manda aja, makasu awo akadali ndi dothi lofiira. Chitseko cha dalaivala chinali chitakanirira, ndiye amuna anga anawatulutsira pawindo, kuwakoka ndi kolala ndi lamba wa thalauza, magalasi akuwang'amba m'mimba. Anawaponya pansi. Iwo anayesa kugwada, manja atawagwirizanitsa.

"Pepani abale anga. Ndi galimoto, yakana..."

Sanamalize. Wina anawamenya ndi mpini pakamwa. Atagwa, onse anawaunjirira. Ndinkangoona miyendo ikukwera ndi kutsika, fumbi, ndi mipini. Ankawaponda m'nthiti, kumutu, pamsana. Wina anabwera ndi thabwa la bokosi lomwelo, misomali ili pomwepo. Amuna anga poyamba ankatchinga ndi manja, kenako manjawo anagwa, ndipo thupi lawo linkangosuntha likamenyedwa ngati thumba la gaga.

Ine ndinatuluka mbali inayo, kawaya kaja kakadali m'dzanja. Ndinkakaonetsa kwa aliyense ngati wamisala. "Onani, kaduka. Kwerani muponde nokha buleki. Gwirani chiwongolerocho muone ngati chizungulira." Mnyamata wina, msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, anandiwomba mbama yoti ndinakagwera patayala. Ndinalavula magazi ndi dzino. Mpaka lero ndikaseka anthu amaona mpata wake.

Pamenepo panatulukira bambo wina wamtali, wovala jekete yakuda. Ndinamva pambuyo pake kuti anali mchimwene wake wa malemu. Sanali kukuwa ngati enawo. Analanda khasu kwa mdzukulu mmodzi, anthu n'kumupatukira.

"Mwendo umene unaponda moto ndi uti?"

Anyamata awiri anagwira mwendo umene unali pafupi nawo n'kuutambasulira pamwala. Unali wamanzere, uja unkapopa kilatchi kuyesa kuwapulumutsa. Bamboyo anatembenuza khasu n'kumenya ndi kumsana kwake, pansi pa bondo. Kunamveka ngati nkhuni youma. Amuna anga anatulutsa mawu amene sindinawamvepo chiyambire ukwati wathu. Bambo uja anamenyanso pabondo penipeni.

Ndinkaganiza kuti akhutira. Koma nditacheuka ndinaona ena akumasula tayala lapadera kumbuyo kwa galimoto. Wina anali atagona pansi akuboola thanki ndi chikwanje, dizilo akuchuchira m'chidebe.

"Dizilo sayaka msanga," anatero wina, modekha ngati akukambirana za kudimba. "Zulani udzu padengapo."

Apo ndinadziwa kuti amuna anga afera pamenepo, ine ndikuona. Mantha anandithera, m'malo mwake munalowa ukali umene sindinaudziwepo. Mawu anali atakanika, misozi sankaiona. Chinatsala chinali chimodzi, chimene mkazi wamkulu sachita pokhapokha dziko litamuthera.

Ndinaimirira pakati pawo, miyendo yanga uku ndi uku kwa amuna anga. Ndinavula mpango n'kuutaya. Ndinavula bulauzi. Ndinamasula chitenje, kenako siketi, zonse mpaka kutha. Ndinatsala monga anandibalira amayi anga, mayi wa zidzukulu, dzuwa lili pamutu, pamaso pa mudzi wonse ndi pamaso pa maliro.

"Bwerani nalo tayalalo," ndinatero. "Muyambe ndi ine. Koma muyambe mwayang'ana kumene munachokera."

Mwamuna wa kwathu kuno sayang'ana umaliseche wa mkazi wa msinkhu wa mayi ake. Akauona mkaziyo atavula chifukwa cha mkwiyo, amadziwa kuti tsoka limenelo silisambika. Mnyamata wa tayala uja analisiya, linagubuduzika lokha n'kukagwa m'ngalande. Amene anandiwomba mbama anaphimba nkhope ndi mkono. Mmodzimmodzi anatembenuka kundipatsa msana. Wa jekete yakuda yekha ndiye anaimabe, khasu lili m'manja, maso ali pansi, akupuma ngati ng'ombe yotopa.

Amayi aja ndiwo anathamanga. Anabwera zitenje atazimasula m'chiuno, kudzandiphimba kuti manyaziwo achoke pamudzi pawo. Ine ndinadzigwetsa pa amuna anga n'kuwakumbatira, ndiye pondiphimba ine anaphimba tonse awiri. Anatizungulira, ndipo mwamuna sakanadutsa pakati pawo. Pansi pa zitenjezo munali mdima ndi fungo la utsi ndi magazi. Ndinaika khutu pachifuwa pawo, ndipo mtima unkagunda.

Kunja ndinamva mawu a mayi wachikulire, osasa ndi kulira. Anali mayi ake a malemu.

"Tolani mwana wanga pafumbipo. Maliro amodzi andikwana."

Anamukulunga mumphasa n'kupita naye kumanda. Ife anatikweza pangolo ya munthu wina wa mudzi woyandikana mpaka ku Nathenje, kumene minibasi inatitengera kuchipatala cha m'tauni. Ndinafika kumeneko nditavala zitenje za anthu amene sindikuwadziwa mayina.

Za bambo wa jekete yakuda uja sindinama, ndimadana naye mpaka lero. Anthu a kutchalitchi anandiuza kuti ndikhululuke, ndipo ndinayesa. Ndikudziwanso kuti akanakhala mlongo wanga wogubuduzika pafumbi paja, mwina bwenzi ine nditatola mwala. Zonsezo ndikuzidziwa. Koma kumenya kwachiwiri kuja, kwa pabondo, anachita ataganiza.

Amuna anga anakhala m'chipatala mpaka mvula inagwa. Nthiti zinapola, mabala a misomali anauma, koma mwendo unalumikizika mokhota ndipo bondo linatha mphamvu. Abale athu anapita kumudzi kuja ndi mbuzi kukapepesa maliro, ndipo kumeneko anawalola kutenga galimoto. Inabwera monga inabwerera poyamba, ikukokedwa ndi ng'ombe, yopanda galasi ngakhale limodzi. Mtedza ndiye sitinaufunse n'komwe.

Ine ndinkafuna igulitsidwe kwa ogula zitsulo. Ndinkati ndikaiona pansi pa mango paja, m'kamwa munkawawa.

"Ichoke pakhomo pano, bambo. Yatidya zokwanira."

"Ichoka ndikadziwa chimene inandichitira zimenezi."

Atayamba kuyenda ndi ndodo, anamata thanki, anabwezera lamba ndi kawaya kaja. Tsiku lina masana anandiuza kuti ndiilize, n'kuisiya ikulira padzuwa mpaka boneti inatentha yosagwirika. Anandikhazika pampando kuti ndiziponda kilatchi. Poyamba inali bwino, kenako inayamba kufewa, mpaka inamira.

"Yamira," ndinatero.

Anadzikhwekhwereza pansi pa galimoto, mwendo uja akuukoka ndi manja. Anatsata paipi ya kilatchi ndi chala kuchokera kumwamba, ndipo pena pake ndinamva akufuula ndi ululu. Anatuluka chala chili m'kamwa. Paipiyo, imene anaipinda okha tsiku loika injini, inkadutsa pafupi kwambiri ndi ekizozi, paipi ija yotulutsa utsi, mpata wake wosalowa ngakhale chala. Injini ikatentha, mafuta a m'paipimo ankawira, ndipo mafuta owira sakankha kanthu. Ikazizira, zonse zinkabwerera m'malo ngati sipanachitike kanthu.

Anaipindira kutali, n'kuika kachidutswa ka lata pakati. Kenako anatenga ulusi, anaukunga kuchokera pagudumu la injini kufika pa la kapampu ka chiwongolero, ndipo tonse tinaona kuti kampando ka pulawo kaja kanapendekeka pang'ono, mwina ngati kunenepa kwa njere ya chimanga. N'chifukwa chake lamba ankayenda chammbali mpaka kuvuka. Anaikapo timawashala, tizitsulo topyapyala, kuti kawongoke. Ntchito yonseyo inatha dzuwa lisanalowe. Ndinakwiya kuposa tsiku lina lililonse, poona kuchepa kwa zinthu zimene zinatichita zonsezi.

Tinachotsanso mpweya monga kale, iwo pansi ine pamwamba. Anaisiyanso ikulira mpaka itatentha. Chopondera chinakhalabe cholimba, chikukankha phazi langa pobwerera. Lamba anali chete.

"Tsikani mayi, ndiione."

Ndinatsika. Anapachika ndodo pachitseko, anadzikoka ndi manja mpaka pampando. Ananyamula mwendo wamanzere ndi manja awiri n'kuukhazika pakilatchi. Anaponda. Chopondera chinangogwedezeka pang'ono. Anagwira chiwongolero mwamphamvu, anakankha ndi chiuno chonse, thukuta likutsika m'ndevu. Bondo linanjenjemera, phazi n'kuterereka. Analibwezera ndi manja, anayesanso, linatererekanso.

Ndinayang'ana kumbali, kunamizira kuthamangitsa nkhuku. Injini inkalira bwinobwino, mokoma kuposa kale lonse. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, manja ali pachiwongolero, akuyang'ana pamene panali galasi. Kenako ndinamva akudzikhwekhwereza kupita kumpando winawo, umene ndinkakhalapo ine zaka zonsezi.

"Mayi, bwerani mukhale uku."

Ndinakwera. Mpando unali wofunda ndi thupi lawo. Anatenga dzanja langa n'kuliika pagiya, lawo pamwamba pake, monga mmene munthu amagwirira dzanja la mwana pomuphunzitsa kulemba.

"Pondani."

Ndinaponda mpaka pansi. Anakankha dzanja langa, ndipo giya inalowa mwakachetechete.

"Yatheka tsopano," anatero, nkhope ataitembenuzira kuwindo.